Inki Yofiira ya Mayi Leocadia

Ambiri m'parishi muno mumawadziwa Mayi Leocadia Barrientos ngati mayi wachikulire uja wa pa benchi yachitatu kumanzere, amene ankafika ku Misa ya m'mawa chitseko chisanatsegulidwe, kolona atamukulunga padzanja. Tidawaika m'manda Loweruka lapitali. Kumaliro kudabwera asilikali, ndipo ena mumanong'onezana kuti kodi mayi wamantha chonchija adadziwana bwanji ndi anthu ankhondo. Tsamba lino likuyankha funso limenelo. Tinene poyamba pomwe kuti adalidi amantha. Wofuna mbiri ya munthu wolimba mtima akaifune kwina.

Adabadwa m'chaka cha 1951, m'kamudzi ka ozula anyezi kufupi ndi mtsinje wa Rio Grande. Bambo awo ankagwira ntchito m'minda ya eni ake, mayi awo ankachapa ndi kusita mayunifolomu a akuluakulu a pakampu ya asilikali yapafupi. Ana adali awiri basi, Nicanor wamkulu ndi Leocadia. Ali mwana ankaopa agalu, mabingu ndi aphunzitsi, koma koposa zonse ankaopa munthu wovala yunifolomu. Akatumidwa kukapereka zovala zosita, ankangoima pageti osalowa, mpaka Nicanor atabwera kudzawalanda mtolowo.

"Iwe Cadia," ankatero Nicanor akuseka, "ukuopa malaya amene achapa amayi ako? Dzulo lomweli anali pachingwe, akudontha madzi limodzi ndi kabudula wanga."

Nicanor ali ndi zaka zisanu ndi zinayi adaponda msomali, ndipo kuchipatala adamubaya jakisoni wa penisilini. Sipadatenge nthawi, khosi lidatupa, mpweya udatsekeka, milomo idachita bii. Adapulumuka mwa chisomo chokha. Dokotala adauza mayi awo kuti mwanayu asadzalandirenso mankhwala amenewa moyo wake wonse. Tsiku limenelo Leocadia adali pakhomo pa chipindacho, akuonerera.

Mu 1968 Nicanor adamutenga kunkhondo ya ku Vietnam. Masiku amenewo msilikali ankanyamula yekha fayilo yake ya kuchipatala posamuka kampu ina kupita ina, ndipo ngati pali mankhwala osamuyanja, alembi ankalemba ndi inki yofiira pachikuto. Nicanor adavulala pantchafu, bala loti akadapola. Ndege idamutenga ali chikomokere, koma fayilo idatsala m'sutikesi kukampu. Madokotala, pofuna kuti bala lisanyeke, adamupatsa penisilini. Kalata ya boma idangoti adafa ndi mabala. Patapita miyezi itatu katundu wake adafika kunyumba, ndipo pamwamba pa malaya padali fayilo ija, mawu ofiira ali poonekera. Mayi awo sankadziwa Chingelezi. Adapatsira mwana wawo wamkazi kuti awawerengere. Leocadia adawerenga, ndipo kuyambira tsiku limenelo mantha awo onse adakhala ndi dzina limodzi.

Nkhani yodabwitsa ndi yakuti munthu woopa yunifolomu chotere adakapempha ntchito pachipatala cha asilikali mumzinda muno. Adayamba mu 1973, m'chipinda cha mafayilo, pansi penipeni pa nyumbayo, kopanda zenera. Adakhala kumeneko zaka makumi anayi ndi zitatu. Fayilo iliyonse ikafika pathebulo pawo, ankaivundukula tsamba ndi tsamba, ndipo akapeza dzina la mankhwala osamuyanja mwiniwake, ankalilemba pachikuto ndi zilembo zikuluzikulu zofiira. Inki ikafwifwa ankabwerezapo. Akamalemba, milomo inkagwedera, chifukwa dzina lililonse lofiira linkapita ndi Tikuoneni Maria wake.

Ankakonda kunena kuti: "Munthu wokomoka sayankhula. Chikuto ndicho chimamuyankhulira."

Adakwatiwa ndi a Eusebio Barrientos, makaniko wa mabasi, munthu wofatsa amene adatisiya mu 1998. Adali ndi mwana mmodzi, Ofelia. Kutchalitchi kuno nsalu za paguwa ankachapa ndi iwo, ndipo pa Khirisimasi miphika ya tamale, chakudya cha ufa wa chimanga chimene tinkagawira anthu osauka, inkachokera kukhitchini kwawo. Koma kuwerenga Mawu kutsogolo adakana moyo wawo wonse. Wansembe wathu, Bambo Anselmo, adawakakamiza kamodzi, iwo adafika pagome, kuyang'ana anthu, kugwada, n'kubwerera kukakhala pansi osatulutsa liwu n'limodzi lomwe.

Kuntchito mnzawo wapamtima adali Mayi Darlene Pettiway, wa mpingo wa Baptist, wamawu ngati lipenga, amene adakhala nawo thebulo limodzi zaka makumi awiri ndi zisanu.

"Sisitere," ankatero a Darlene, "tsiku lomaliza Yesu akadzakuitana dzina, iwe udzabisala kuseri kwa shelefu."

"Adzandipeza," ankayankha a Leocadia. "Mafayilo anga ndi olongosoka."

Ndiye kudabwera makompyuta. Tisanamizane, ganizo lake lidali labwino. Chipatala cha kunkhondo chinkasunga mbiri za odwala m'kompyuta yakeyake, chipatala cha kuno m'kompyuta yakenso, ndipo zakale zonse zidali pamapepala. Akuluakulu adafuna kuti zonsezi zilumikizidwe zikhale mbiri imodzi, yoti msilikali akavulala kulikonse, dokotala angotayipa dzina n'kuona zonse. Mayi Leocadia atamva adalira ndi chimwemwe. Adati zikadakhalako mu 1969, achimwene awo bwenzi ali moyo.

Koma amene ankakonza ntchitoyi sadatsikeko pansi kudzafunsa anthu amene adagwira mafayilo moyo wawo wonse. Adzafunsenji kwa mayi wokalamba wopanda digiri? Adabweretsa kampani ina ndi makina ojambula mapepala. Antchito ake ankasolola masamba m'fayilo, kuwalowetsa m'makina, chikuto n'kuponya pathebulo. Masana zikutozo ankaziika m'mabokosi achitsulo okhoma, ndipo lole inkabwera kudzazinyenya. Makinawo sankalandira pepala lokhuthala, ndiye chikuto sichinkajambulidwa.

Ntchitoyi idayamba Lolemba lina m'mwezi wa Marichi, 2012. Mayi Leocadia adaona chikuto choyamba chofiira chikugwera pathebulo lija. Adatayipa dzina la mwiniwake m'kompyuta yatsopano. Padali kabokosi kolembapo mankhwala osamuyanja munthu, ndipo kabokosiko kadali mbee, kopanda kanthu. Adayesa dzina lina. Chimodzimodzi. Makompyuta awiri aja polumikizana, zina zidadutsa bwino, koma mawu a m'kabokosi kameneka kwa anthu ambiri adatsalira panjira. Inde, dzina la mankhwalawo lidali penapake m'masamba ojambulidwa, mwina tsamba la 140 mwa masamba 300. Ndi namwino uti amene angafufuze pamenepo wodwala akutaya magazi?

"Darlene, taona apa," adanong'ona.

A Darlene adayang'ana, n'kutsitsa magalasi. "Yesu wanga. Kanene kwa Meja."

"Kanene iweyo."

"Ine wandilembera kale kalata ziwiri za pakamwa panga. Ndikangotsegula kukamwa amatseka makutu. Iwe sunayankhulepo chiyambire, adzadabwa, adzamvera."

Meja Whitcomb ndiye ankayang'anira ntchito yonseyi. Lachiwiri adaitanitsa msonkhano, ndipo pomaliza adafunsa ngati pali funso. Dzanja la Mayi Leocadia lidakwera mpaka paphewa.

"Ee, mayi... mayi ndani paja?"

"Barrientos, bwana. Ndimati... zikuto zija..."

"Zikuto ndi makatoni chabe, mayi. Zonse zili m'kompyuta tsopano. Ndikudziwa kuti kwa anthu amsinkhu wanu kusintha kumaopsa, koma mudzazolowera."

Anthu adaseka pang'ono. Mayi Leocadia adaona zizindikiro za paphewa ndi mabatani owala, ndipo mantha a pageti paja adabwerera. Adati, "Zikomo, bwana," n'kukhala pansi.

Lole idabwera Lolemba. Idabwera Lachiwiri. Lachitatu adaimva ikubwerera cham'mbuyo kukhomo la kuseri, makina ake akukukuta, ndipo adathamangira kuchimbudzi kukasanza. Chakudya chidawakana. Nthawi iliyonse foni ikalira ankadzidzimuka, poganiza kuti ndi uthenga wakuti wina wafa m'zipinda za odwala kumtunda. Kutenga chikuto ngakhale chimodzi sakadatha, chifukwa lamulo lidali loti pepala la wodwala silituluka m'chipindamo popanda chilolezo. Wolakwira ankachotsedwa ntchito, mwinanso kukaonekera kukhoti, ndipo pamwamba pa chitseko padali kamera.

Lachinayi poweruka adapita kukalapa.

"Bambo, ndaona dzenje panjira ndipo sindinachenjeze anthu."

"Chakuletsani n'chiyani, mayi?" adafunsa Bambo Anselmo.

"Mantha."

"Mantha si tchimo. Ambuye athu omwe adatuluka thukuta la magazi m'munda muja. Koma atatha kunjenjemera adaimirira. Ine sindikuuzani kuti muleke kuopa, chifukwa ndakudziwani zaka zambiri, simungathe. Pitani ndi mantha anu omwewo."

Lachisanu m'mawa adadutsa pafupi ndi thebulo la zikuto, ndipo chapamwamba padali cholembedwa ndi dzanja lawo lomwe: RUSK, TOBIAS. PENISILINI. AMATSEKA KHOSI. Adamukumbukira. Zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo adabwera ndi fayilo yake kukhwapa, mnyamata wamtali wamakutu otambalala, n'kuwauza kuti, "Amayi, lembani zikuluzikulu, madokotala athu amawerenga ngati ine." Tsopano adali Sajeni. Adatayipa dzina lake. Kabokosi kaja kadali mbee. Koma m'munsi mwake mudali mzere wina: wagonekedwa, nsanjika yachinayi, opaleshoni lero, 10 koloko.

Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri.

A Darlene adalumphira foni. Kumtunda adayankha mlembi, ndipo a Darlene adafotokoza mofuula. Kenaka adaika foniyo pansi pang'onopang'ono.

"Akuti wayang'ana m'kompyuta, palibe chilichonse, ndipo anamwino ali otanganidwa. Wandidulira."

Mayi Leocadia adayang'ana kamera, kuyang'ana chikuto. Poyamba chidawapulumuka n'kugwa pansi. Adachitola, kuchikumbatira pachifuwa pamodzi ndi kolona, n'kutuluka. Mtsikana wa kampani ija adafuula kuti, "Mayi! Mayi, zimenezo sizituluka!" A Darlene adaima pakhomo n'kudzaza chitseko chonse.

"Khala pansi, mwanawe. Ukafuna kumugwira uyambe wandisuntha ine, ndipo ndadya bwino m'mawa uno."

Pazaka zonse zija Mayi Leocadia adali asanakwerepo chikepe cha m'chipatalamo, ankachiopa ngati bokosi la maliro. Koma mawondo a zaka 61 sakadakwera masitepe a nsanjika zisanu m'nthawi yake. Adalowa, kutsinzina, n'kudina batani. Adawerenga Tikuoneni Maria mmodzi ndi theka, chitseko chidatseguka.

Kutsogolo kwa chipinda chokonzera odwala opita ku opaleshoni kudali mzere wofiira pansi, ndi chikwangwani choletsa aliyense wosavala zovala za mmenemo. Adaudumpha. Mabedi adali asanu ndi limodzi. Sajeni Rusk adamuzindikira ndi makutu, chifukwa mutu wonse udali m'mabandeji. Bomba lidamuphulikira pamsewu kunkhondo, ndipo chichokereni kumeneko sankayankhula. Akafunsidwa kanthu ankangogwedeza mutu kuvomera. Kachitsulo kofiira kamene asilikali osayanjana ndi mankhwala ena amavala m'khosi kadadulidwa pamodzi ndi malaya tsiku lovulala, n'kutayika. Pambali pa bedi padaima namwino, Kaputeni Lindqvist, atangokoloweka kathumba ka mankhwala pamtengo wa diripi, chala chili pa kagudumu kotsegulira.

Namwinoyo adacheuka, kuona mayi wachikulire wakhungu lodera atavala juzi yakale.

"Mayi, mwasochera. Okolopa amalowa tikamaliza."

Mayi Leocadia adatsegula pakamwa, koma mawu sadatuluke. Adayesanso, osatheka. Ndiye adangotukula chikuto chija ndi manja awiri, n'kuchiika pamaso pa Kaputeniyo.

Kaputeni adawerenga. Adayang'ana pagalasi la kompyuta, kuyang'ana kathumba kaja, kubwereranso pachikuto. "Koma m'kompyuta mulibe..." Sadamalize. Sajeni Rusk adaona zilembo zofiirazo, maso ake adatong'oka, ndipo dzanja lake lidakwera kukhosi, kupapasa, kufunafuna kachitsulo kamene kadalibepo.

Chala cha Kaputeni chidachoka pa kagudumu kaja. Mankhwala a m'kathumbamo adali a m'gulu la penisilini.

"Mayi," adatero motsitsa mawu, nkhope itayera, "zikuto zoterezi zilipo zingati?"

Apo mpamene mawu adabwera. "Zatsala zambiri, mwanangu. Koma lole ibwera 2 koloko."

Tsiku limenelo lole idabwerera yopanda kanthu. Dokotala wamkulu adatsika yekha pansi paja, koyamba chiyambire, n'kulamula kuti chikuto chilichonse chisungidwe mpaka mawu ake atalowa m'kompyuta.

Tsopano mverani mmene dziko limathokozera anthu ake. Patapita mwezi, Meja Whitcomb adalandira chiphaso chomuyamikira chifukwa chotulukira msanga vuto ndi kulikonza. Adamujambula zithunzi, kudali keke. Mayi Leocadia adalandira kalata yowachenjeza, yoti adatulutsa pepala la wodwala popanda chilolezo ndiponso adalowa malo oletsedwa. Kalatayo idakhala m'fayilo yawo mpaka tsiku lopuma ntchito. Palibe adaichotsa, palibe adapepesa. Wina anene kuti chimenecho n'chilungamo.

A Darlene adafuna kukagwetsa chitseko cha Meja. "Ndikamuuze kuti keke imeneyo imutsamwe! Ndipo iwe wangosayina? Wangosayina ngati nkhosa?"

"Kalata ndiyoyenera ine, Darlene," adayankha Mayi Leocadia. "Angolemba tchimo lolakwika. Langa si la Lachisanu. Langa ndi Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi."

Ife tikuti tchimo limenelo lidali la amene adawaseka pamsonkhano paja. Koma iwo sadavomere zimenezo mpaka kufa.

Zaka zinayi zotsatira adazithera pakompyuta, akutayipa ndi zala ziwiri mawu a pachikuto chilichonse m'kabokosi kake. Koma zikuto za masiku anayi aja zidali zitapita. Mafayilo adali opitirira zikwi ziwiri, eni ake atamwazikana m'makampu ndi m'maiko akutali, ndipo padalibe wodziwa kuti mwa iwo ofiira adali ati. Mayi amene sankatha kuwerenga Mawu m'tchalitchi adalemba kalata khumi ndi imodzi kwa akuluakulu, kupempha chinthu chimodzi: pa dzina lililonse la masiku anayiwo alembepo kuti mbiriyi ndi yosakwanira, funsani mwiniwake. Adavomera patatha chaka.

Adapuma ntchito mu 2016, koma mantha sadapume. Ofelia akuti m'mawa uliwonse ankatsegula nyuzi patsamba la maliro, ndipo akaona chithunzi cha munthu wa yunifolomu ankasiya khofi, kuwerenga kawiri kuti wafa ndi chiyani. Inu amene munkaona makandulo anayi akuyaka pamaso pa Amayi Maria Lachisanu lililonse, tsopano mwadziwa eni ake. Ankawatchula kuti anthu anga a masiku anayi.

Bambo Anselmo adawauza kangapo konse kuti, "Mayi, Mulungu adakukhululukirani kalekale."

"Ndikudziwa, bambo," ankayankha. "Mulungu amakhululuka. Penisilini sakhululuka."

Mwezi wathawu mtima wawo udayamba kufooka, ndipo adawagoneka m'chipatala. Namwino wachitsikana adabwera ndi kompyuta yake yam'manja, kuyang'anamo, n'kunena kuti, "Palibe mankhwala okudani, eti agogo?" Ankatembenuka kale kuti azipita. Mayi Leocadia adamugwira mkono.

"Palibedi, mwanangu. Koma wadziwa bwanji? Pamene sipadalembedwe kanthu si ndiye kuti palibe kanthu. Uzifunsa, ndipo uzidikira yankho."

Adalandira sakramenti la odwala Lachitatu masana, Ofelia ndi a Darlene ali pambali. Ofelia akuti adawafunsa ngati akuopa. Iwo adayendetsa maso ngati akufufuza m'shelefu, kenaka adamwetulira.

"Zachilendo. Ndikufunafuna mantha aja, sindikuwapeza. Mwina achimwene abwera kudzandilanda mtolo."

Adagona tulo, ndipo dzuwa lisanalowe adatsogola.

Loweruka, tisanatseke bokosi, bambo wina wamtali, wamakutu otambalala ndi chipsera pamutu, adabwera kutsogolo atagwira dzanja la kamtsikana kake. Adali Sajeni Rusk. Amayankhula tsopano, ngakhale pang'onopang'ono. Adavula kachitsulo kofiira m'khosi mwake, kamene adamupatsa atachira, n'kuwerama kuti akaike m'manja mwa malemu. Tonse tidagwidwa ndi chisoni. Koma mawu a Darlene adamveka kuchokera pa benchi yachitatu mpaka kukhomo.

"Iwe! Bweza kameneko m'khosi msangamsanga! Ukufuna adzuke m'bokosimo? Munthu adakwera chikepe chifukwa cha khosi lako lomwelo!"

Sajeni adaima, kuyang'ana nkhope ya malemu, n'kuvalanso kachitsulo kaja. Mwana wake adamuthandiza kukalowetsa m'malaya.

Misa yowapempherera idzakhalako Lachisanu likudzali, 7 koloko m'mawa. Mzimu wawo uuse mumtendere. Makandulo anayi aja azima chigonekereni iwo m'chipatala, ndipo anthu a masiku anayi akadali kunjaku, sitikudziwa kuti ndani. Pakufunika wina woti aziwayatsa.